Kwathu kuno M3 ndi msewu

Tsiku limene ndinafika nayo ku Zomba, galimotoyo inakanika kufika pageti la nyumba yanga yomwe. Ndinali nditaiyendetsa masiku awiri kuchokera ku Songwe, kumalire athu ndi Tanzania, komwe dalaivala amene anakaitenga padoko la Dar es Salaam anandipatsira makiyi. Chitunda cha Chiweta inakwera ngati ikuyenda pachigwa. Malole amene ndinkawapitirira ndinkangowaona akuchepa pagalasi mpaka kuzimiririka. Koma kwathu ku Matawale, pamene tala amathera n'kuyamba msewu wafumbi, pali kangalande kamene mvula inakumba, kakang'ono koti mwana wa sitandade 1 amangokadumpha. Ndinalowetsa tayala limodzi pang'onopang'ono, kenako ndinangomva kuti khwee! pansi. Bampala yakutsogolo inali itapala nthaka.

Akazi anga anali ataima pakhonde ndi ana, kudikira kuti aone chinthu chimene chinameza ndalama zathu za zaka zitatu. Sanayambe n'kuyamikira utoto wake.

"Bambo, ndiye izidzalowa bwanji tsiku ndi tsiku?"

Madzulo omwewo ine ndi mnyamata wa aneba tinatuta zidutswa za njerwa pa wilibala n'kukwirira kangalandeko.

Inali Subaru Legacy B4, ya mtundu umene amautcha 2.0GT spec.B, yakale ndithu koma yosamalidwa bwino. Mukaiona kunja mumati ndi galimoto ya bambo wa pabanja: zitseko zinayi, buti yolowa matumba awiri a chimanga, mpando wakumbuyo woti apongozi akhalepo osadandaula. Zimene zili pansi pa boneti ndi nkhani ina. Muli injini ya malita 2 yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti mphamvu ichuluke), mphamvu yake mahatchi 280, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi. Nambala ya 280 imeneyi ili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri, mpaka mu 2004, makampani a ku Japan anali atagwirizana kuti asamalembe mphamvu yoposa pamenepo pa magalimoto ogulitsa kwawo. N'chifukwa chake Chaser Tourer V, Lancer Evolution ndi Impreza WRX STI za nthawi imeneyo zonse zimangoti 280, ngati ana a sukulu amene akoperana mayeso. Magalimoto a msika wa ku Japan amawaikanso malire akuti akafika makilomita 180 pa ola, kompyuta izidula yokha. A ku Germany ambiri amadula awo pa 250.

Chimene chinandikopa ndi lonjezo la magalimoto amtunduwu, loti chinthu chimodzi chizigwira ntchito ziwiri. Lolemba ukasiye ana kusukulu, Loweruka uvale chisoti ukathamange pabwalo la mpikisano, Lamulungu upite nayo kutchalitchi ngati palibe chachitika. Lonjezo limeneli si labodza ayi, lili ndi kumene linachokera. BMW M3 yoyamba, ya 1986, anaipanga chifukwa malamulo a mpikisano ankati kampani ikafuna kuthamangitsa galimoto, iyambe yapanga zosachepera 5,000 zofanana nayo zoti anthu wamba azigula. Ndiye anthu wamba anagula galimoto ya mpikisano yokhala ndi wailesi ndi mipando yakumbuyo. Lancer Evolution ndi Impreza WRX zinatuluka mu 1992 pa chifukwa chonga chomwecho, kungoti mpikisano wake unali wa rally, wa m'misewu ya fumbi ndi matope. Colin McRae atapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1995 pa Impreza yabuluu, dzina la Subaru linafika ngakhale kwa anyamata amene tinali tisanagwirepo chiwongolero.

Ndinkadzinamiza ndi mbiri ya rally imeneyi. Ndinkati, ngati achibale a galimoto iyi ankathamanga Safari Rally ku Kenya, misewu ya ku Zomba ingaiopseze chiyani? Chimene sindinkafuna kuganizira n'chakuti za ku Kenya zija ankazikweza m'mwamba, kuziika zitsulo zoteteza kunsi, ndipo pambuyo pake pankayenda gulu la amakaniko ndi lole ya masipeya. Yanga anaitsitsa dala kuti izigwira tala wosalala wa ku Japan. Pambuyo panga panalibe lole. Panali akazi anga ndi buku lawo la bajeti.

Mnzanga wina amene timacheza naye za magalimoto amakonda kunena kuti ku Germany M3 ndi M5 ndi magalimoto, kwathu kuno M3 ndi M5 ndi misewu. Amanena zoona. M5 ndi uja wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Salima ndi Nkhotakota. M3 ndi wathu uno, wochokera ku Blantyre kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, n'kubowola pakati pa tauni ya Zomba kupita ku Domasi ndi Liwonde. Ndi msewu wabwino m'malo ambiri, ndipo pali zigawo zina zowongoka zimene zimakunong'oneza kuti ponda moto. Koma ndi msewu womwewo umene mayi amadutsa ndi dengu la tomato pamutu, umene wakabaza amakhotera osayang'ana kumbuyo, umene minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Tsiku la msika pa Thondwe kapena pa Songani, msewu ndi msika zimakhala chinthu chimodzi. Mahatchi 280 aja amangoyenda m'mbuyo mwa njinga yonyamula mbuzi, giya yachiwiri, phazi pa kilatchi mpaka mwendo kuchita dzanzi.

Ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku unali waufupi zedi, kuchoka ku Matawale kukafika m'tauni. Injini isanatenthe bwinobwino ndinali nditafika kale. Magalimoto a turbo sakondwa ndi moyo wotere. Oyilo amafuna atenthe kuti chinyontho ndi mafuta amene alowamo ziuluke, ndipo ukamangoyenda timaulendo tating'onoting'ono amada msanga. Ndinkasintha oyilo pafupipafupi, wodula uja wa synthetic, pa galimoto imene sabata yathunthu inkatha osalawako giya yachinayi. Mahampu ndinawaphunzira limodzilimodzi ngati mayina a ana anga. Ena ndinkawakwera chopingasa, tayala limodzi kenako linzake, a Sienta akuliza mahutala kumbuyo. Pali limodzi limene ndikanyamula anthu anayi ndinkawapempha kuti atsike kaye. Tsiku lina ndinatsitsa apongozi anga aakazi, atavala chitenje chawo chatsopano cha ku chinkhoswe, kuti awoloke hampu wapansi. Sananene kanthu. Anangokwera n'kukhala chete mpaka tinafika, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandinyoza.

Za mafuta ndinene mwachidule chifukwa aliyense akuzidziwa. M'tauni inkandipatsa makilomita 7 pa lita, tsiku labwino 8. Ku Japan pampu imakhala ndi petulo wamitundu iwiri, ndipo injini ngati iyi anaipangira wapamwambayo. Kuno petulo ndi mmodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injiniyo ndi yochenjera, ili ndi kachipangizo kamene kamamva ikayamba kugogoda, ndipo kompyuta imabweza mphamvu kuti isadziwononge. Ndiye mahatchi ena ndinkangowadyetsa koma sankatuluka m'khola. Mizere ya mafuta itabwerera mu 2022, ndinkagona pamzere limodzi ndi a Vitz ndi a Mira, iwo malita 10 n'kuyenda sabata, ine masiku atatu. Wa m'zigubu ndinkamuopa. Injini ya Probox ikhoza kukhululuka petulo wothira zinazake, ya turbo siikhululuka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yoitanitsa kunja inasanduka nkhani yoyamba takambirana kaye pabanja.

Koma chimene chinandiliza kwambiri ndi matayala. Anali a 215/45 R18. Kwa amene simuwerenga manambala a patayala, zikutanthauza kuti pakati pa rimu ndi msewu pali mphira wosakwana masentimita 10. Tayala la Hilux la 265/65 R17 lili ndi masentimita 17. Mphira wochepayo ndi amene amachititsa kuti galimoto imve msanga ukangogwedeza chiwongolero, chifukwa tayala silipindika pakona. Ndi yemweyonso amene amasowa pothawira likagwera m'dzenje. Usiku wina wa mvula ndikuchokera ku Liwonde ndinamenya dzenje lodzaza madzi. M'mawa mwake tayala linali ndi chotupa ngati dzira la nkhuku, rimu itapindika. M'Zomba monse saizi imeneyo sinapezeke. Ndinakaipeza ku Limbe, ya kaunjika, ndipo amakaniko anga anandichenjeza kuti galimoto yokoka ndi matayala anayi safuna kuisakanizira lakutha ndi latsopano, chifukwa magiya apakati amavutika matayala akamazungulira mosiyana. Dzenje limodzi, matayala anayi.

Amakaniko amenewa ndi bambo wachikulire amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, ndipo sataya mawu. Ataiyang'ana kunsi, anadzuka, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Bigi, galimoto iyi ilibe mlandu. Anangoipangira dziko lina."

Anandiuza kuti tiikweze pang'ono ndi masipesa, tiike marimu a 17 ndi tayala lonenepa. Kutsika kuposa apo sizikanatheka chifukwa mabuleki ake ndi aakulu, rimu yaing'ono siingalowe. Ndinavomera. Inasiya kupala mahampu, koma pakona inayamba kutsamira mbali imodzi ngati galimoto ina iliyonse. Ndinali nditalipira msonkho wa kambuku, kenako n'kulipiranso kuti amusandutse mphaka.

Ndipo musaiwale kuti kwathu kuno galimoto si ya mwini wake yekha. Ukangogula, yagulidwa ndi mtundu wonse. Mwezi wa Febuluwale wina kunagwa maliro kumudzi, kupitirira pa Jali, cha kunyanja ya Chilwa. Tala atatha ndinaona matope ake, n'kudziwa kuti ndikalowamo ndikatulukamo ndi ng'ombe. Ndinaisiya pa sitolo ya munthu wina, n'kukwera njinga yamoto nditavala jekete. Tili m'njira inatipitirira Probox yokalamba, anthu asanu ndi atatu mkati, nkhuni za pamaliro pamwamba, ikuterereka uku ndi uku koma ikupita. Nditafika, malume anandiyang'ana nsapato.

"Mphwanga, galimoto ija tinamva kuti wagula ili kuti?"

"Ndaisiya pa Jali, malume."

"Yafa?"

"Ayi, ili bwinobwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kupitiriza kulankhula ndi adzukulu.

Mwina mukudabwa kuti nanga ndinaisungiranji zaka zonsezo. Yankho lili paphiri. Aliyense wokhala ku Zomba amadzuka n'kuliona, ndipo aliyense wokonda kuyendetsa amadziwa msewu wokwera ku Ku Chawe, wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe mbali ina phompho. Lamulungu lina mu Julayi ndinadzuka kusanache. Kunali kozizira kwambiri, mpweya umene turbo amaukonda chifukwa wozizira ndi wothinana, injini imapuma mokhuta. Ndinadutsa m'tauni muli zii, ndinayamba kukwera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri galimotoyo inachita chimene anaipangira. Ukatuluka pakona n'kuponda, pamakhala kamphindi kochepa ngati ikukoka mpweya, kenako kamluzu ka turbo, kenako msana wako umamatirira kumpando. Matayala onse anayi akugwira, palibe kuterereka, palibe kukuwa. Chiwongolero chimakuuza chilichonse chimene chili pansi, ngakhale timiyala. Mitengo ya paini inkangodutsa, fungo lake likulowa pawindo. Ndinafika pamwamba manja akunjenjemera, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Ndinaima pafupi ndi damu la Mulunguzi, nkhungu ili pamadzi, injini ikuchita tiki tiki pozizira. Ndikanama ndikati sizinali zokoma. Mpaka lero sindinamveponso kukoma kotero pa chiwongolero.

Potsika ndinafuna kubwereza. Apa ndi pamene pusi anagwa chagada. Kukwera phiri ndi ntchito ya injini, kutsika ndi ntchito ya mabuleki, ndipo galimoto ya tani imodzi ndi theka ukamaithamangitsa n'kuimitsa pakona iliyonse, kulemera konseko kumasanduka moto m'mabuleki. Nditadutsa makona angapo ndinayamba kumva fungo ngati la nsalu yopserera. Buleki inayamba kulowa mkati kuposa masiku onse, yofewa ngati ukuponda mkate. Ndinaona zonsezi koma ndinati kona imodzi yokha.

Kuseri kwa konayo kunali bambo akutsika ndi njinga yosenza nkhuni, mulu wake wotalika kuposa iye mwini. Anthu a ku Zomba mukuwadziwa abambo amenewa. Sakwera njingayo, amayenda m'mbali mwake ataikumbatira ndi thupi lonse kuti isawathawe. Pambuyo pake panali mayi ndi mtolo wautali pamutu. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, n'kukankhira giya pansi, injini inakuwa, galimoto inanjenjemera. Inaima. Pakati pa bampala ndi tayala lakumbuyo la njingayo mukanangogonekapo khasu limodzi.

Bamboyo anatembenuka movutikira chifukwa cha katundu. Anali wamkulu kwa ine, wa msinkhu wa malume anga, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Anayang'ana galimotoyo, n'kuyang'ana ine, kenako anaweramitsa mutu pang'ono.

"Pepani bwana."

Iyeyo ndi amene anapepesa. Anakankhira njinga yake m'mphepete, kumbali ya phompho, kuti ine ndidutse. Ndinalephera ngakhale kumuyankha. Ndinatsika phiri lonselo pa giya yachiwiri, ana ogulitsa masitiroberi akundikweza timbale tawo, ine osawaona n'komwe.

Amakaniko anga atamva, anatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki n'kundionetsa. Anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyontho cha mumpweya chaka ndi chaka. A mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira cha pa 155. Akawira mumapangika mpweya, ndipo mpweya umafinyika, ndiye phazi limangolowa. Anga anali asanasinthidwe chibwerereni ku Japan. Ndinali nditawononga ndalama pa marimu ndi polishi, osaganizako za kabotolo kotchipa kuposa tayala limodzi. Komabe ndikanakhala kuti ndinasintha mafutawo, ndikanangofika pakona paja mothamanga kwambiri. Munthu woyenda makilomita 120 pa ola amadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi, phazi lisananyamuke n'komwe. Liwiro ukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Masamu amenewa sasintha chifukwa choti galimoto ndi yabwino.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti bwalo la mpikisano ndi chiyani. Kale ndinkaliona ngati msewu wosalala chabe wopanda apolisi. Koma chimene umalipira pabwalo si tala ayi. Umalipira kuti kuseri kwa kona kusakhale munthu. Onse amayenda mbali imodzi, m'mphepete muli mchenga kapena udzu woti ukaphonya ukathere mmenemo, pali anthu a mbendera okuchenjeza za zimene sukuziona, ambulansi ili pafupi, ndipo aliyense amene ali mmenemo anasankha yekha kulowamo. Bambo wa nkhuni uja sanasankhe kalikonse. Ku Germany kuli Nürburgring, njira yake yakale yotalika makilomita oposa 20, kumene makampani amayesera magalimoto amenewa ndipo masiku ena munthu wamba amagula tikiti n'kulowa ndi yake. Ku South Africa kuli Kyalami pafupi ndi Johannesburg, kumene Formula One inathamanga komaliza mu 1993, kulinso Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town. Munthu wa kumeneko akagula BMW M3 kapena Benz C63, theka lachiwiri la lonjezo lija ali nalo pafupi. Ine wa ku Zomba, kuti ndikalipeze ndiyenera kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri pamsewu, kuti ndikathamange mphindi makumi awiri.

Ndipo ngakhale kumeneko, amene amathamanga kawirikawiri sathamangira kugula galimoto ya zitseko zinayi. Kulemera ndi mdani pabwalo, kumadya matayala ndi mabuleki tsiku limodzi. M3 ya 1986 ija inkalemera makilogalamu pafupifupi 1,200. M5 yatsopano imene inatuluka mu 2024, yokhala ndi batire ndi injini pamodzi, imaposa makilogalamu 2,400. Magalimoto amenewa akukula, akulemera, akuwonjezera mphamvu kuti abise kulemerako. Malo amene amakhaladi pakwawo ndi msewu waukulu, wosalala, wotchingidwa mbali zonse, ngati autobahn ya ku Germany, kumene munthu amayenda mtunda wautali mothamanga popanda mbuzi kapena njinga. Kumeneko funso loti ndi ya tsiku ndi tsiku kapena ya pabwalo lili ndi tanthauzo. Kwa ine funsolo linali lina, ngakhale ndinatenga zaka kuti ndilivomere: popeza bwalo ndilibe, ndizibwereka msewu wa ndani?

Ndinakhala nayo chaka china chathunthu pambuyo pa tsiku la paphiri lija. Ndinkaitsuka Loweruka, ndinkaiyendetsa mofatsa ngati ndanyamula mazira, ndipo inkandikwiyitsa kwambiri chifukwa mavuto ake onse anali pomwepo koma chokoma chake ndinali nditadziletsa. Kenako ndinaiika pa Facebook. Mafoni anabwera ambiri, onse a anyamata, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti imamwa bwanji. Amene anaigula anachokera ku Blantyre, mnyamata wa ntchito yabwino, nsapato zoyera. Anaizungulira katatu, anatsegula boneti, anajambula injini pafoni.

"Madala, munaifikitsapo pa 180?"

Ndinamuuza kuti asinthe mafuta a mabuleki chaka chilichonse ndipo potsika phiri azigwiritsa ntchito magiya. Anavomera ndi mutu, maso ali pa ekizozi. Ndinamuuzanso za bambo wa nkhuni uja. Anati eya, anthu amenewa amavutadi pamsewu.

Potuluka, mvula inali itakokolola njerwa zathu zija. Ndinamukuwira kuti alowe chopingasa, koma mawindo anali otseka ndipo wailesi inali italira kale. Tinangomva kuti khwee! Akazi anga anali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Ine ndinaima pageti mpaka kamluzu ka turbo kanazimiririka cha kumsewu wa tala.